Njira ya mkodzo itathina pa impso imene ndinapatsidwa

Munthu akaikidwa impso ya mnzake, mantha amene amagona nawo ndi kudzuka nawo ndi akuti thupi lingathe kuikana impsoyo. Madokotala amabwereza zimenezi, achibale amaziloweza pamtima, ndipo ife amene tinadziwana tili pamakina osefa magazi ku Kamuzu Central Hospital tikakumana m'tauni, funso loyamba limakhala lakuti kodi thupi lailandira. Komabe pali vuto lina limene silikambidwa mokwanira ngakhale lingathe kuwononga impso yabwinobwino pang'onopang'ono mwini wake osadziwa kanthu, ndipo ndi limene linandigwera ine. Kanjira kotenga mkodzo kuchokera mu impso yatsopano kupita m'chikhodzodzo kanathina, mkodzo n'kuyamba kudzaza mu impsomo, koma ine sindinamve kupweteka kulikonse. Ndalemba izi makamaka kwa anzanga amene angobwera kumene kuchokera kunja ndi impso zatsopano, pamodzi ndi magadiyani awo, kuti adziwe mmene vutoli limaonekera ndi mmene madokotala anakonzera langa popanda kung'ambanso pamimba.

Ndimakhala ku Area 49 muno mu Lilongwe ndipo ntchito yanga ndi yowerengera ndalama. Impso zanga zonse ziwiri zinawonongeka ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, ndipo nditakhala nthawi yaitali ndikudalira makina, mlongo wanga wamng'ono anadzipereka kundipatsa impso yake imodzi. Opaleshoni inachitikira ku India, monga mmene zimakhalira ndi Amalawi ambiri, popeza kuno kwathu inali isanayambe kuchitika.

Kuti zimene ndifotokoze zimveke, mpofunika kudziwa malo amene impso yatsopano imakhala. Ambiri amaganiza kuti madokotala amachotsa impso zakufazo n'kuika yatsopanoyo m'malo mwake kumsana, koma kawirikawiri sizikhala choncho. Impso zakale zimasiyidwa momwemo, ndipo yatsopano imaikidwa kutsogolo, m'munsi mwa mimba cha kumbali. Yanga ili kumanja, pansi pa chipsera chopindika, moti ndikagona chagada n'kuikapo dzanja ndimaimva ili pafupi ndi khungu. Dokotala amalumikiza zinthu zitatu: mtsempha wolowetsa magazi mu impso, mtsempha wotulutsa magazi, ndi kanjira ka mkodzo kamene iwo amakatchula kuti ureter. Kanjiraka kamabwera limodzi ndi impso kuchokera kwa wopereka uja, ndipo amakasokerera pakabowo katsopano kamene amaboola pachikhodzodzo cha wolandira. Pomaliza amasiyamo kachubu kofewa kotchedwa stent, kopindika nsonga zonse ziwiri kuti kasasunthe, kamene kamagwira njirayo pamene msoko ukupola ndipo kamachotsedwa pakapita milungu yochepa.

Pa zolumikiza zitatuzi, kanjira ka mkodzo ndi kamene kamabweretsa mavuto amene amaonekera mochedwa, ndipo chifukwa chake ndi magazi. Kanjiraka kakakhala m'thupi la mwini wake kamalandira magazi kuchokera ku timitsempha tambiri tochokera mbali zosiyanasiyana, kumtunda, pakati ndi kumunsi komwe. Pochotsa impso timitsempha tonseto timadulidwa, n'kungotsala tochokera ku mtsempha waukulu wa impsoyo, choncho magazi ayenera kuyenda kuchokera kumtunda mpaka kunsonga yokasokedwa pachikhodzodzo ija. Aliyense amene anathirirapo dimba ndi ngalande amadziwa kuti bedi lakumapeto ndi limene limayamba kufota madzi akachepa. Nsonga yolandira magazi ochepayo imapola ndi chipsera, chipsera chimakokana, ndipo njira imathina. N'chifukwa chake anthu ambiri vutoli limawagwira chakumunsi, pafupi ndi chikhodzodzo, ndipo kawirikawiri limaonekera m'miyezi yoyambirira. Pa anthu 100 oikidwa impso, amene amakumana nalo ndi owerengeka, osapitirira 10, koma amene lamugwera chiwerengero chimenechi sichimutonthoza.

Pali zifukwa zinanso. Kukana kwa thupi kumatha kukhudza kanjiraka monga mmene kumakhudzira impso yeniyeniyo. Madzi a m'thupi amatha kusonkhana pambali pa impso n'kukakanikiza kuchokera kunja, ndipo pamenepo mankhwala ake ndi kuchotsa madziwo, osati kukhudza kanjirako. Palinso kachilombo kotchedwa BK, kamene anthu ambiri tili nako kuyambira paubwana koma kamagona chete mpaka pamene chitetezo cha m'thupi chatsitsidwa ndi mankhwala amene timamwa. Kachilomboka kanadziwika koyamba m'chaka cha 1971 ku London, ndipo kanapezeka mu mkodzo wa munthu woikidwa impso amene njira yake ya mkodzo inali itathina. Choncho dokotala wodziwa ntchito yake akapeza kuti njira yathina sangothamangira kuikuza, amayezanso magazi kuti aone ngati kachilomboka kadzuka, chifukwa ngati kadzuka mlingo wa mankhwala otsitsa chitetezo uyeneranso kuonedwa.

Stent yanga yoyamba inachotsedwa ndisananyamuke ku India, ndipo ndinabwerera kumudzi ndili bwino kwambiri. Ndinayambanso ntchito, chakudya chinayamba kukoma, ndipo ndinkamwa madzi momasuka, chinthu chimene munthu wa pamakina amachilota. Magazi ndinkayezetsa monga mmene anandiuzira, ndipo creatinine, chizindikiro cha mmene impso ikusefera, inkakhala cha m'ma 110. Itafika nyengo yotentha, miyezi ingapo chibwerereni, inayamba kukwera. Sinalumphe kamodzin'kamodzi ayi. Inafika cha m'ma 130, kenako inadutsa 150, ndipo sabata iliyonse zotsatira zinkabwera zitakwerako pang'ono. Adokotala amene amandiona kuno anayamba ndi zinthu zapafupi. Anandifunsa ngati ndikumwa madzi okwanira m'kutentha kwa Okutobala, ngati ndatsegula m'mimba, ndiponso ngati pali mankhwala ena amene ndamwa kupatula awo. Anayeza mkodzo, anatumizanso magazi kuti aone kuchuluka kwa tacrolimus, mankhwala amene timamwa otsitsa chitetezo kuti thupi lisakane impso, chifukwa mankhwalawa akachuluka m'magazi nawonso amakweza creatinine. Zonse zitabwera zili m'malo mwake, anandilembera kuti ndikajambulitse impso pa sikani tisanayambe kukamba zotengako kanyama kokayeza ngati thupi likuikana.

Wojambula uja anandipaka mafuta ozizira aja pachipsera, n'kuyendetsa kachipangizo kake pang'onopang'ono, ndipo ndinaona kuti waima malo amodzi nthawi yaitali. Anatembenuza sikirini kuti nane ndione. Pakati pa impso, pamene panayenera kuoneka motuwa, panali malo akuda otambasuka ngati zala za dzanja. "Bambo, zakudazi ndi mkodzo," anatero. "Pitani mukataye madzi onse amene ali m'chikhodzodzo, musasiyemo, ndiye mubwere tijambulenso." Pambuyo pake ndinamva kuti chikhodzodzo chodzaza chimatha kubweza mkodzo mu impso yoikidwa n'kuionetsa ngati yatupa pamene palibe chotsekeka, ndipo kwa abambo achikulire prostate, kachiwalo kamene kali pansi pa chikhodzodzo, ikatupa imachitanso chimodzimodzi. Nditabwerako anajambulanso, koma zakuda zija sizinachoke. Anatsata kanjira ka mkodzo kali kotupa mpaka pafupi ndi chikhodzodzo, pomwe kanasowa.

Chimene chinandizunguza mutu n'chakuti ndinalibe chizindikiro chilichonse. Munthu amene mwala watseka njira ya impso yake yobadwa nayo amagubuduka pansi ndi ululu, koma impso yoikidwa imabwera mitsempha yake yomvera ululu itadulidwa, kotero imatha kutupa mwini wake akuyenda, akugwira ntchito, akuseka. Mkodzo nawo unkatuluka monga mwa masiku onse, chifukwa njira inali itathina koma isanatsekeke yonse. Ndimaona kuti apa ndi pamene anthu ambiri angapusitsike, pakuti ife tonse amene tinakhalapo pamakina tinazolowera kuyeza umoyo wa impso ndi kuchuluka kwa mkodzo, ndipo tikamakodza bwino timati zonse zili bwino. Mtengo woyezetsa magazi m'malabu oti ulipire ndi wokwera, ndipo ndikudziwa kuti munthu amene akumva bwino m'thupi amayesedwa kuti adumphe mwezi umodzi kapena iwiri. Kwa ine pepala la zotsatira ndi lokhalo limene linanena kuti impso ili pamavuto.

Nkhaniyi inamupweteka kwambiri mlongo wanga kuposa mmene inandipwetekera ine. Anabwera kunyumba madzulo ake, anakhala pakhonde osafuna tiyi, ndipo atakhala chete kwa kanthawi anafunsa kuti, "Achimwene, kodi ndiye kuti impso imene ndinakupatsani inali yoipa?" Ndinamuuza zimene adokotala anandifotokozera, kuti impsoyo ikugwira ntchito yake bwino lomwe, ndipo kutupako ndi umboni wakuti ikupanga mkodzo umene ukusowa podutsa. Magadiyani ayenera kukumbukira kuti wopereka impso amanyamula nkhawa yakeyake, ndipo amafunika kuuzidwa zinthu momveka. Panalinso achibale ena, a mtima wabwino ndithu, amene anabweretsa mabotolo a mankhwala azitsamba akuti amatsuka impso. Ndinawathokoza koma sindinamwe, chifukwa chipsera sichisungunuka ndi chakumwa chilichonse, ndipo zitsamba zina zimasokoneza mlingo wa tacrolimus m'magazi.

Adokotala a kuno analumikizana ndi amene anandichita opaleshoni, anawatumizira zithunzi ndi zotsatira, ndipo anagwirizana kuti ndibwerere komweko msanga. Anandichenjeza kuti ndikangotentha thupi, kapena mkodzo ukachepa mwadzidzidzi, ndisadikire ndege koma ndithamangire kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa mkodzo wotsekeredwa ukalowa tizilombo mwa munthu wa chitetezo chotsika, matenda amafalikira m'magazi mofulumira. Za ndalama sindinena zambiri. Aliyense amene anafunapo ndalama zakunja m'zaka zimenezi akudziwa mmene zinkasowera, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zonse zimene mabanja ngati lathu anasunga zinachepa mphamvu tsiku limodzi. Ndingolangiza kuti amene akukonzekera kukaikidwa impso asawerengere opaleshoni yokha, aikenso padera ya ulendo wina wosayembekezereka m'chaka choyamba. Mapepala nawonso asungidwe bwino, makamaka lipoti la opaleshoni lofotokoza mmene kanjira ka mkodzo kanasokedwera. Malabu ena amalemba creatinine m'muyezo wa mg/dL pamene ena amalemba m'muyezo wa µmol/L, umene manambala anga aja ali, ndipo kuti manambala afanane mumachulukitsa ya mg/dL ndi 88.4. Munthu wosadziwa zimenezi angaone 1.8 papepala lina ndi 160 papepala lina n'kumaganiza kuti zinthu zasintha, pamene ndi chinthu chimodzi.

Nditafika ku India, ntchito yoyamba sinali yokuza njira koma yopumitsa impso. Anandigoneka chagada, anabaya mankhwala ochititsa dzanzi pambali pa chipsera, ndipo akuyang'ana pa sikani analowetsa singano yaitali mpaka m'kati mwa impso momwe munadzaza mkodzo, kenako kawaya, kenako kachubu kamene anakamangirira pakhungu n'kukalumikiza kuthumba. Amakatchula kuti nephrostomy. Popeza impso yoikidwa ili pafupi ndi khungu, ntchitoyi inatha msanga, ndipo chimene ndinamva ndi kukankha chabe, osati kupweteka kwenikweni. Mkodzo woyamba unatuluka wofiirira ndi magazi, koma unayera tsiku lotsatira. Masiku otsatirawo creatinine inayamba kutsika, ndipo adokotala anati umenewo ndiwo umboni umene ankaufuna, wakuti vuto linali kutsekeka osati kukana kwa thupi. Ikanakhala kuti sinatsike, akanatengako kanyama ka impso kukayeza, chifukwa mavuto awiriwa amatha kubwera limodzi. Kuyenda ndi thumba la mkodzo lomangirira pantchafu si chinthu chosangalatsa, ndipo posamba pamafunika kusamala kuti pabalapo pasanyowe, koma munthu amazolowera.

Impso itaphwa, anathira mankhwala ooneka pa X-ray kudzera m'kachubu kaja n'kumajambula mmene akutsikira. Ndinaona ndi maso anga mankhwalawo akudzaza impso, akutsika m'kanjira kotakasuka, kenako pafupi ndi chikhodzodzo n'kusanduka kamzere kopyapyala ngati ulusi. Adokotala anayeza kutalika kwa malo othinawo ndipo anapeza kuti sanafike sentimita imodzi.

Kutalika kumeneku ndiko kumagamula zambiri, ndipo ndikupempha aliyense amene wauzidwa kuti njira yake yathina kuti afunse mafunso awa asanasaine pepala lililonse: pathina pati, pothinapo mpatali bwanji, ndipo mkodzo ukudutsabe kapena patsekekeratu. Adokotala anandifotokozera kuti malo aafupi, osapitirira sentimita imodzi kapena kuposerapo pang'ono, amene apezeka msanga ndipo akudutsabe kawaya, ndiwo amayenera njira ya kamera, yokonza pothinapo ndi tizida tolowetsa m'njira ya mkodzo popanda kung'amba pamimba. Malo aatali, a masentimita 2 kapena 3 kupita m'tsogolo, kawirikawiri amatanthauza kuti chigawo chonsecho chinafa chifukwa chosowa magazi, ndipo kuchikuza ndi kutaya nthawi chifukwa chimathinanso. Sanandibisire kuti kukuza pothinapo pongopopamo kabaluni kumagwira kwa nthawi yaitali mwa anthu pafupifupi theka, ndipo kuti kwa malo aafupi zotsatira zimakhala zabwinoko akadulanso chipseracho ndi laser, kuwala kwamphamvu kodula mnofu. Opaleshoni yotsegula pamimba ndi imene imakhalitsa kuposa zonse, koma ndi yaikulu, imachitika pamalo amene anang'ambidwapo kale ndipo minofu inamatana, komanso mabala a munthu womwa mankhwala otsitsa chitetezo amachedwa kupola. Ndinakonda kuti sanandigulitse njira ya kamera ngati chozizwitsa. Anati ndi njira yoyenera kuyamba nayo kwa munthu wonga ine, ndipo ikalephera siitseka mwayi wa opaleshoni inayo.

Anandifunsanso funso limene sindinaliyembekezere kutali ngati kumeneko, lakuti kodi ndinadwalapo likodzo. Ndinakulira kufupi ndi nyanja ku Salima, ndipo monga ana ambiri a kumeneko ndinakodzapo magazi ndili kupulayimale n'kulandira mankhwala. Likodzo limasiya zipsera pachikhodzodzo, ndipo chikhodzodzo cholimba kapena chokhala nthawi yaitali osagwira ntchito pamene munthu ali pamakina chimavuta kusokererapo. Changa anachipeza chili bwino, koma Mmalawi aliyense woikidwa impso ayenera kutchula yekha za likodzo, pakuti si madokotala onse akunja amene angaganizire za matendawa.

Tsiku lake anandigonetsa tulo, choncho zimene zinachitika kuthiyeta ndikuzifotokoza monga anandiuzira ndi monga ndinaonera pazithunzi zimene anandipatsa. Mwa munthu wosaikidwa impso, dokotala amalowetsa kamera kudzera kumene mkodzo umatulukira n'kupeza khomo la kanjira ka impso pansi pa chikhodzodzo mosavuta. Mwa ife khomolo ndi lochita kupanga, lili chakumtunda kwa chikhodzodzo pamalo ovuta kufikapo, ndipo likathina limavuta kulowamo kuchokera kumunsi. Apa ndi pamene kachubu ka pamimba kaja kanagwiranso ntchito yachiwiri. Analowetsa kawaya kofewa kuchokera kumtunda, kudzera mu impso, n'kukadutsitsa pothina paja mpaka kanatulukira m'chikhodzodzo, komwe anakagwira ndi kamera yolowera kumunsi. Kawayako katagwidwa mbali zonse ziwiri, zida zonse zinkayenda motsatira iko. Anatsetsereka kabaluni kakatali kopyapyala mpaka pothinapo n'kukapopa ndi mankhwala ooneka pa X-ray. Pachithunzi choyamba kabaluniko kakuoneka kotupa uku ndi uku koma kofinyika pakati pamene pali chipsera, ndipo pachithunzi chotsatira kufinyikako kwatha. Kenako analowetsa kamera yaing'ono kwambiri m'kanjiramo n'kudula chipsera m'litali mwake ndi laser, mosamala kwambiri chifukwa mitsempha ikuluikulu ya magazi imadutsa pafupi. Anamaliza ndi kuikamo stent yatsopano kuti njirayo ipole ili yotseguka.

Ndinadzuka ndili ndi catheter, kachubu kotulutsira mkodzo m'chikhodzodzo, ndi diripi, ndipo ululu unali wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa opaleshoni yoyamba ija. Catheter inachotsedwa msanga. Kachubu ka pamimba anayamba akatseka kaye kuti aone ngati mkodzo ukutsika wokha kudzera mu stent, ndipo ataona kuti sindikutentha thupi komanso creatinine sikukwera, anakachotsa, kabowo kake n'kutsekeka kokha pansi pa bandeji. Panalibe msoko ndi umodzi womwe.

Stent imeneyi inayenera kukhalamo pafupifupi milungu 6, ndipo nthawi imeneyo ndinali nditabwerera ku Lilongwe. Kukhala ndi stent kuli ndi zovuta zake zimene ndi bwino kuzidziwiratu. Nsonga yake yakumunsi imakhudza chikhodzodzo, choncho ndinkamva mkodzo pafupipafupi ngakhale muli tochepa, ndipo ndikayenda mtunda wautali kapena kugwedezeka m'minibasi pamsewu wa mabampu, mkodzo unkatuluka wofiirira. Zimenezi anandiuziratu kuti si zoopsa ngati mulibe zibuma za magazi ndipo zikutha ndikapuma n'kumwa madzi. Choopsa ndi kutentha thupi, chifukwa stent imatsegula njira yoti tizilombo ta m'chikhodzodzo tikwere mpaka mu impso. Usiku wina ndinayamba kunjenjemera ndi kuzizidwa, ndipo mayi a kunyumba anandifunditsa mabulangete n'kunena kuti, "Bambo, awa ndi malungo, m'mawa tikagule LA." Aliyense wa ife akanaganiza chomwecho, koma tinakumbukira chenjezo lija ndipo tinapita kuchipatala usiku womwewo. Malungo sanapezeke, ndipo mu mkodzo munapezeka tizilombo. Anandigoneka n'kundipatsa mankhwala a m'diripi, ndipo anatumiza mkodzo kulabu kuti adziwe mtundu wa tizilomboto ndi mankhwala amene angatiphe. Woikidwa impso akatentha thupi ayezedwe malungo ndithu, popeza tili m'dziko la malungo, koma mkodzo uyezedwenso tsiku lomwelo, ngakhale malungowo atapezeka.

Pa nkhani ya mankhwala, munthu ayenera kudzilankhulira yekha, chifukwa amene akukuonani usiku kuchipatala sangadziwe mbiri yanu yonse. Mankhwala opha ululu monga brufen, diclofenac ndi indocid, amene amapezeka paliponse mpaka m'maokala, amavulaza impso ndipo ife sitiyenera kumwa. Panado ndi amene anandiloleza. Erythromycin amakweza tacrolimus m'magazi, pamene rifampicin wa chifuwa chachikulu amamutsitsa kwambiri mpaka thupi kuyamba kukana impso. Ine ndinalemba patsamba loyamba la buku langa lakuchipatala, ndi zilembo zikuluzikulu, kuti ndinaikidwa impso, mankhwala amene ndimamwa, ndiponso kuti m'thupi mwanga muli stent yoyenera kuchotsedwa pa tsiku lakutilakuti. Tsikulo ndi lofunika kwambiri kwa ife amene timachitidwa opaleshoni dziko lina n'kumaonedwa dziko lina, chifukwa mbali iliyonse ingathe kuganiza kuti inayo ikukumbukira. Stent yoiwalika imamera timiyala, imatsekeka, ndipo kuichotsa kumasanduka opaleshoni yaikulu.

Yanga inachotsedwa konkuno ndi dokotala wa njira za mkodzo, ndi kamera yolowera kumunsi atathira mankhwala ochititsa dzanzi. Zinatenga mphindi zochepa, zinali zochititsa manyazi kuposa kupweteka, ndipo ndinabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Achibale anasangalala poganiza kuti nkhani yatha, koma adokotala anandiuza mosapita m'mbali kuti tsopano ndi pamene tidziwe ngati ntchito ija yagwira. Nthawi yonse imene stent ili m'kati mkodzo umadutsa, kaya chipsera chapola bwino kaya ayi, choncho zotsatira zabwino za nthawi imeneyo sizitsimikizira kanthu. Njira ikafuna kuthinanso, kawirikawiri imatero m'miyezi yoyambirira stent itachoka, ndipo imatero mwakachetechete monga poyamba paja. Anandiika pa ndondomeko yoyezetsa creatinine sabata iliyonse poyamba, kenako motalikitsa, pamodzi ndi sikani ya nthawi ndi nthawi. Pa sikani yoyamba impso inaonekabe yotakasuka pang'ono m'kati, ndipo mtima wanga unagwa, koma anandifotokozera kuti impso imene inatupapo sibwerera msanga mwakale, ndipo chimene amayang'ana ndi ngati kutupako kukuwonjezeka poyerekeza ndi chithunzi chapitacho. N'chifukwa chake ndi bwino kujambulitsa malo amodzi ndi kusunga zithunzi zonse motsatana. Creatinine yanga inakhazikika cha m'ma 120, pamwamba pang'ono pa pomwe inali vutoli lisanayambe, ndipo yakhala pomwepo mpaka lero.

Si onse amene zimawathera chonchi. Mayi wina amene tinkakhala naye pamzere wa makina, ndipo anaikidwa impso patsogolo panga, anapezeka ndi malo othina aatali. Anayesa kabaluni, njira inathinanso stent itangochoka, ndipo kwa kanthawi ankakhalira kusinthitsa stent miyezi ingapo iliyonse, njira imene ena amaisankha ngati thupi lawo silingapirire opaleshoni yaikulu. Pamapeto pake anamutsegula pamimba. Popeza impso zake zakale zinali momwemo, madokotala anatenga kanjira ka mkodzo ka impso yake yobadwa nayo ya mbali yomweyo, kamene kali ndi magazi ake okwanira ndipo kanalowa kale m'chikhodzodzo mwachilengedwe, n'kukalumikiza ku impso yatsopano. Kwa ena amadula malo ofawo n'kusokereranso kanjira pachikhodzodzo, ndipo kakafupika amatenga chigawo cha chikhodzodzo chomwecho n'kuchipinda kuti chikhale njira. Mayiyu anachedwa kuchira kuposa ine, koma lero alibe stent ndipo impso yake ikugwira ntchito. Ine ndi adokotala anga tinagwirizana kale kuti yanga ikadzathinanso sitidzabwereza kabaluni mobwerezabwereza, chifukwa kutsekeka kulikonse ndi matenda aliwonse a mu mkodzo amadyako mphamvu ya impso imene sibwereranso, ndipo tidzapita ku opaleshoni yogwiritsa ntchito kanjira kanga kakale ka kumanja.